MTIMA NDI CITHUNZI CACE

Mtima wa munthu ulingana ndi nkhonya yace pa ukuru. M'kati mwace muli zipinda 4 ndi zitseko zazing'ono 4, zimene ziletsa mwazi kubwerera kumene wacokera. Munthu wamkuru ali cipumulire, mtima wace ugunda kokwanira 60 kufikira 100 pa mphindi imodzi.

Nanga dotolo adziwa bwanji kuti mtima wadwala, popeza uli wobisika m'cifuwa? M'caka ca 1895, Wilhelm Röntgen wa ku Germany anapeza kuwala kwa X-ray, kumene kupyola mnofu ndi kuonetsa mthunzi wa za m'kati. Mthunzi wa mtima ukapitirira theka la cifuwa m'mimba mwace, dotolo aganiza kuti mtimawo wakula koposa muyeso.

Njira ina inayambika ku Sweden m'caka ca 1953, ndi Inge Edler ndi Hellmuth Hertz. Mudziwa kuti mukapfuula pafupi ndi phiri mau anu abwerera. Comweco makina awa atumiza m'cifuwa mau osamveka ndi khutu, ndipo mauwo pobwerera alemba cithunzi ca mtima ulikugunda. Munthu samva kuwawa konse. Pa cithunzico dotolo aona ukuru wa zipinda, ndi matsekedwe a zitseko, ndi mphamvu ya mtima. Pakuti mtima wabwino uturutsa koposa theka la mwazi wa m'cipinda cace camphamvu pa kugunda kumodzi.

Koma cithunzi sicicita kuciza. Cingoonetsa zimene zaonongeka kale. Ana ambiri a mu Africa amene apezeka ndi zitseko zoonongeka anayamba ndi zironda za pakhosi zokha. Nthenda imeneyi igwira makamaka ana a zaka 5 kufikira 15. Ikalekereredwa, pa ena itsatidwa ndi malungo ndi kuwawa kwa mfundo za mafupa, ndipo pambuyo pace zitseko za mtima ziuma kapena zidontha. Mankhwala a penisilini, akaperekedwa msanga, aletsa tsoka limeneli.

Cifukwa cace, ana inu, sungani malangizo awa:

1. Pakhosi pakawawa ndipo thupi latentha, uzani makolo akuperekezeni ku cipatala, ndipo mutsirize mankhwala onse.
2. Cepetsani mcere. Ngakhale munthu wamkuru asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi.
3. Musanyoze ndiwo zamasamba, nyemba, nsomba ndi zipatso.
4. Musayambe fodya, pakuti aononga mitsempha ya mwazi.
5. Yendani, limani, sewerani. Mtima ulimba ndi nchito.

Akuru anati, "M'mera mpoyamba." Mtima umene mudzakhala nao muli nkhalamba ndi womwewo mulikuusunga lero.

MAFUNSO

1. Zitseko za mtima zigwira nchito yanji?
2. Dotolo aona zinthu ziti pa cithunzi ca mtima ulikugunda?
3. Cifukwa ninji sitiyenera kulekerera zironda za pakhosi?