Dub, techno ndi deep house: zomwe zimbale za Mark Ernestus zikutiphunzitsa

Nyimbo zopangidwa ndi makina zafika ponseponse. Pa misika ya m'malire monga Lizulu ndi Zobue, pa maukwati ndi m'mafoni a achinyamata, mukumveka amapiano ndi house. Makolo ambiri amafunsa kuti, kodi nyimbo yopanda gitala, mwinanso yopanda mawu, imapangidwa bwanji? Zimbale za Mark Ernestus, katswiri wa ku Berlin m'dziko la Germany, zikuyankha funsoli, chifukwa iye wapangapo dub, techno ndi deep house yomwe.

Dub inabadwira ku Kingston, m'dziko la Jamaica, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mmodzi mwa oiyambitsa ndi King Tubby, yemwe ntchito yake inali yokonza mawailesi. Iye ankatenga nyimbo ya reggae yojambulidwa kale, n'kuchotsamo mawu a woimba, n'kusiya ng'oma ndi besi. Kenako ankabwezeramo mawuwo apo ndi apo, akumveka mobwerezabwereza ngati a munthu wofuula m'phiri.

Techno inayambira ku Detroit, ku America, m'zaka za m'ma 1980. Ng'oma yake ndi ya makina, ndipo imagunda mosapumira ngati chigayo. Deep house inachokera ku Chicago m'zaka zomwezo, kwa akatswiri monga Larry Heard. Iyo ndi yofatsa, kiyibodi yake ndi yozizira, ndipo kawirikawiri mumakhala woimba. Amapiano a ku South Africa anatengerako zambiri ku deep house.

Ernestus anatsegula sitolo ya zimbale yotchedwa Hard Wax ku Berlin mu 1989. Mu 1993, iye ndi mnzake Moritz von Oswald anayamba kutulutsa nyimbo m'dzina la Basic Channel. Anasakaniza kugunda kwa techno ndi luso lija la King Tubby, ndipo panatuluka mtundu womwe lero umatchedwa dub techno. Zina mwa nyimbozi zimapitirira mphindi 10, koma kusintha kwake kumabwera pang'onopang'ono, ofunika kutchera khutu. Awiriwa anatulutsanso deep house m'dzina la Main Street, kuyambira Round One mpaka Round Five. M'dzina la Rhythm & Sound anabwerera ku dub, akuimba ndi Paul St. Hilaire wa ku Dominica ndi ena.

Pambuyo pake Ernestus anatembenukira ku Africa. Mu 2010 anathandiza kusankha nyimbo za chimbale cha Shangaan Electro, chomwe kampani ya Honest Jon's ya ku London inatulutsa. Izi ndi nyimbo zothamanga kwambiri za ku South Africa, zoimbidwa m'Chishangani, chiyankhulo chomwe abale athu a ku Gaza ndi Maputo amayankhulanso. Kenako anapita ku Senegal kukajambula ndi oimba ng'oma za sabar. Gulu lawo, Ndagga Rhythm Force, linatulutsa chimbale cha Yermande mu 2016. Mawu ndi a mayi Mbene Diatta Seck, ng'oma ndi zoimbidwa ndi manja, ndipo makina akungothandiza kuti zimveke mwatsopano.

Nkhaniyi ikukhudza achinyamata a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amene ayamba kupanga nyimbo pa kompyuta. Ambiri amangotsanzira za ku Johannesburg, pomwe ng'oma zawozawo ali nazo pakhomo: ngoma ya Angoni, chimtali ndi gule wamkulu. Koma ng'omazi zili ndi eni ake. Wofuna kuzijambula ayambe wapempha kwa mfumu ndi akuluakulu a mwambo, makamaka pa za kudambwe zomwe siziululidwa. Agwirizane ndi oimbawo za malipiro asanayatse makina, ndipo mayina awo alembedwe pa nyimboyo. Nyimbo ikangolowa pa intaneti imawoloka malire tsiku lomwelo, ndipo kuibweza n'kovuta.