Za Mapesi, Mlaza ndi Adzukulu Athu

Abale athu a m'midzi, mvula yatha, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo udzu wayamba kuuma m'mbali mwa Shire. Makasu apachikidwa. Ino ndiyo nyengo imene nkhalamba ipeza danga lakukhala pamthunzi, kamdzukulu kali pambali pake. Tsono tifuna kukamba nanu za tintchito ta manja timene awiriwa angathe kugwira pamodzi, moto wa osaka mbewa usanatenthe zonse za m'munda.

Ku Ulaya masika afika m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, pamene mitengo iyoyola masamba, ndipo ana a kumeneko atola masamba ofiira ndi achikasu nawamata pamapepala. Kwathu kuno masika ayamba mu Epulo nafika mu Juni, ndipo zotola zathu sizichepa: mapesi, makoko, zitsononkho, zikho, malambe, dongo la kudambo, ndi mlaza umene uchuluka m'chigwa cha Liwonde.

Tsiku lina, m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde kunka ku Ntaja, tidapeza mayi wokalamba akulera mdzukulu wa zaka 5. Atate ake a mwanayo ali ku Joni, monga alili amuna ambiri a m'Machinga, ndipo amake anali atapita kumsika. Kamnyamatako kadaumirira kuti, “Anganga, mundigulire galimoto ya kusitolo.” Gogoyo adaseka nati, “Nyamukani, amuna anga, galimoto yanu ili kumunda.” Pakuti mudziwa kuti kwathu gogo ndi mdzukulu aseleulana ngati mkazi ndi mwamuna wake, ndipo m'nthabwala zotere mwana aphunzira zambiri zimene sakadazimva kwa atate ake.

Adabwera ndi mapesi anayi owongoka, ouma bwino, osafumbwa. Gogo adasenda khungu lolimba la kunja nalilezula tizingwe tating'ono. Mkati mofewamo adadula tizidutswa, tina tatitali, tina tatifupi. Tizingwe tija ndiyo misomali: ubaya chidutswa ichi, nubayanso chinzake, ndipo ziwirizo zagwirana popanda ulimbo kapena luzi. Motero adamanga thupi la galimoto, denga lake, ndi mipando yomwe. Mawilo adasema ku chikho chosweka. Zotsala adapangira magalasi a m'maso, amene mwanayo adavala nayenda chonyang'wa ngati kalaliki wa ku Boma.

Koma taonani ichi, inu agogo: khungu la phesi lithwa ngati lumo. Mpeni ndi kusenda zikhale zanu. Kubaya ndi kulumikiza zikhale za mwana. Kamnyamata kaja kadatsomphola kachingwe kamodzi m'manja mwa gogo, ndipo chala chidachekeka. Gogoyo sadathire dothi kapena phulusa pabalapo, monga achitira ena. Adatsuka ndi madzi oyera ndi sopo, namanga kansalu kochapa. Misozi isanaume, ntchito idayambanso.

Chimene tidakondwera nacho koposa ndi ichi. Galimotoyo idatuluka yopendekeka, ndipo wilo limodzi lidaguluka katatu konse. Gogo adangoyang'ana, manja ali pamiyendo, kufikira mwanayo adazindikira yekha kuti chiboo chidakula, napempha kachidutswa kena. Ife akulu tilakwa kawirikawiri pomwepa. Tiona mwana akuchedwa, tilanda ntchitoyo, tiimaliza bwinobwino, ndipo timpatsa chinthu chokongola chimene sichili chake. Mawa lake achitaya kuseri kwa nkhokwe, ife nkumati ana a lero ngosayamika.

Kamtsikana nako kali ndi zake. Chitsononkho chivekedwa kansanza, ndevu za chimanga zikhala tsitsi, makoko onyowetsedwa pang'ono apindidwa kukhala manja ndi mpango. Basi mwana wabadwa, ndipo aberekedwa kumbuyo tsiku lonse. Kale ana ankamanga timisasa ta mapesi m'minda yokololedwa nachita masanje, kuphika zokunkha m'timiphika tawotawo. Masanje achepa masiku ano, koma kumene gogo alola kachigawo ka mapesi kutsala osatentha, ana sachedwa kuwakumbukira.

Tsono tinene za mlaza, pakuti uwu suli choseweretsa chabe. Aliyense wodutsa pa Liwonde aona mikeka, zipewa, matsache ndi madengu zili m'mbali mwa msewu, ndipo mabanja ambiri agula mchere ndi makope a sukulu ndi ndalama za mlaza. Luso limeneli sililowa m'zala za munthu atakula. Liyamba pa msinkhu womwe uno. Wamkulu adule masamba anthete, asanatambasuke, ndipo achenjere ndi minga yokowa ili m'mphepete mwa phata lake. Asadule onse pa tsinde limodzi, kuti chaka chamawa apezeponso. Masambawo ayanikidwa padzuwa kufikira ayera, ang'ambidwa timizere tofanana, ndipo pofuna kuluka awazidwa madzi kuti afewe, angathyoke. Mwana wamng'ono musamuyambitse ndi mkeka. Mpatseni timizere titatu aluke kachingwe, kenaka chibangili cha pamkono, kenaka kamphete kotsekera. Akafika zaka 8 kapena 9 adzayamba yekha kupempha lamba wautali amene asokedwa kukhala mkeka. Tidamva ena akuti, “Nanga madengu ngachiyani pamene majumbo alipo?” Akumbukire kuti Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 1915 ayi, koma cha 2015, dzulodzuloli, ndipo bwalo lalikulu la apilo lidalimbitsa chiletsocho mu 2019. Jumbo ling'ambika lisanafike pakhomo, mbuzi nkulidya. Dengu la mlaza litha zaka.

Pali malo awiri amene mdzukulu asapondeko. Oyamba ndi nkhalango ya nyama ya Liwonde, imene idakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 idapatsidwa m'manja mwa bungwe la African Parks, nizingidwa ndi mpanda. Mlaza wa m'katimo ngwokongola ndithu, koma kulowamo popanda chilolezo ndi mlandu, ndiponso njovu sizifunsa kuti wadzeranji. Achiwiri ndi gombe la Shire. Bango la mphasa limera pomwe ng'ona ibisala, kumtunda ndi kumunsi komwe kwa Kamuzu Barrage, imene idamangidwa mu 1965. Kudula bango ndi ntchito ya amuna akulu, opita awiriawiri dzuwa litakwera. Mwana adikire pakhomo. Akafika nalo, iye athandize kusankha lofanana msinkhu ndi kugwira nsonga ya chingwe pamene agogo ake aamuna asoka.

Za dongo sitichulutsa mawu, pakuti palibe mwana wofuna kuphunzitsidwa kuumba ng'ombe. Mumuuze ziwiri zokha: achotse timiyala poponda dongolo, ndipo aumitse ng'ombe zake pamthunzi, chifukwa padzuwa zing'aluka linunda. Nyanga atenge minga ya mthethe.

Tidachoka pamudzi paja mwera utayamba kuomba, utsi wa zamadzulo uli tolotolo pamadenga. Amake mwana uja adali atabwera kumsika, ndipo adafuna kuponya zinyalala za mapesi pamoto kuti madzi a nsima awire msanga. Kamnyamatako kadatchinga ndi manja onse awiri, magalasi ali pamphuno, nikati, “Amayi, musatenthe, izi nza basi ya mawa, yokatenga ababa ku Joni.”