Tisoke Siketi ya Chidole

M'midzi mwathu ana amakonda zidole. Ena amaziumba ndi dongo. Ena amatenga chitsononkho cha chimanga n'kuchibereka popita kumasanje. Ife akulu tingathe kuzisokera zovala madzulo tikaweruka kumunda.

Ntchitoyi ndi yosangalatsa, komanso ndi sukulu. Nsalu ndi yodula. Wophunzira kusoka akalakwitsa pa nsalu ya kapulana yatsopano, ndalama zapita. Akalakwitsa pa kansalu ka chidole, sataya kanthu. Msoko wa siketi ya chidole ndi womwewo wa siketi ya mwana.

Zofunika

Tikonze singano, ulusi, sizasi, rula, phini wa thewera, chidutswa cha kapulana ndi riboni. Riboni ndi kansalu katali ngati lamba. M'sitolo za kuno ku Mozambique imadziwika ndi dzina la Chipwitikizi lakuti fita. M'mbali mwake ulusi sumasuka, choncho siifuna kupinda. Tisankhe ya sentimita 1 m'lifupi.

Kuyesa

Tiyese m'chiuno mwa chidole ndi ulusi, kenaka tiike ulusiwo pa rula. Tinene kuti tapeza masentimita 10. Siketi imafuna nsalu yowirikiza kawiri muyeso wa chiuno kuti ikhale ndi makwinya. Choncho tidule nsalu ya masentimita 20 m'litali ndi masentimita 12 m'lifupi. Mbali yaitali ndiyo idzazungulire chiuno.

Kusoka

1. Tipinde m'munsi sentimita 1, mpenderowo uyang'ane kunja kwa nsalu. Pamwamba pake tiyale riboni ya masentimita 20, tisoke mbali zake zonse ziwiri. Riboni yabisa mpendero, yakongoletsanso siketi.

2. Tipinde kumwamba masentimita 2 cham'kati, tisoke m'mphepete. Tapanga njira yodutsamo lamba.

3. Tikumanitse mbali ziwiri zifupizifupi, kunja kwa nsalu kukhale m'kati. Tisoke kuchokera m'munsi, tilekeze pa njira ya lamba osaitseka. Titembenuze siketi.

4. Tidule riboni ina ya masentimita 25. Tiibaye ndi phini kunsonga, tiilowetse m'njira muja mpaka itulukire mbali ina. Tichotse phini, tiveke chidole, tikoke ndi kumanga mfundo.

Podula riboni tidule mopingasa, chifukwa nsonga yodula choncho siimasuka msanga. Riboni ya nayiloni imasungunuka ndi moto. Tikayandikiza nsonga yake pang'ono ku lawi la nyali, nsongayo imalimba. Ya thonje imayaka, choncho tiipinde ndi kuisoka. Za moto achite ndi munthu wamkulu.

Tisamale ana

Mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse m'kamwa. Batani kapena mkanda ukathothoka ungamutsamwe. N'chifukwa chake timamanga ndi riboni m'malo mwa mabatani. Koma riboni yaitali nayo ndi yoopsa, ingamukole pakhosi kapena pachala. Ngati chidole ndi cha mwana wamng'ono, tisokere mfundoyo pa siketi ndi kudula nsonga zikhale zazifupi. Tikamaliza tiwerenge singano ndi maphini athu, pasatsale ngakhale imodzi pamphasa.

Amene wasoka siketi ya chidole angathe kusoka ya mwana wake. Ayese chiuno, awirikize kawiri, apinde, alowetse lamba. Zosintha ndi manambala okha. Abambo nawonso aphunzire, singano ilibe mwini.

Mafunso

1. Siketi imodzi yatenga riboni ya masentimita 20 ndi ina ya 25. Pamodzi ndi masentimita angati?

2. Mita 1 ndi masentimita 100. Tikasoka masiketi 2, riboni itsala yotalika bwanji?

3. Chiuno cha mwana ndi masentimita 50. Tidule nsalu yotalika bwanji?

4. Tilembe m'kope mawu awa: singano, ulusi, riboni, chidole.