Tayala la chisanu cha ku Japan si la msewu wa ku Nsanje

Ambirife tikamagula tayala la kaunjika timangoona mano basi. Mano akakhala akuya tati tapata. Koma abale anzanga, ena mwa matayala amene akubwera ndi galimoto za ku Japan ndi ku Ulaya adapangidwira chisanu cha kwawo komweko, osati dzuwa lathu lino.

Nkhani yake ili chonchi. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 7, mphira ya tayala wamba imauma ndipo siigwira bwino msewu. Nchifukwa chake maiko ogwa chipale chofewa amapanga tayala la mphira yofewa, lokhala ndi timing'alu tambirimbiri toluma madzi oundana. Kumeneko si nkhani yamasewera ayi. Ku Quebec, m'dziko la Canada, lamulo limakakamiza matayala amenewa kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi. Ku Germany, kuyambira mu Okutobala 2024, woyenda pa chipale ayenera kukhala ndi tayala la chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu. Zilembo za M+S pazokha sizikwaniranso. Inu ophunzira opita kumeneko dziwiranitu.

Nako ku Japan, lamulo la 1990 lidaletsa matayala a misomali chifukwa ankakumba msewu nkumabutsa fumbi m'mizinda. M'malo mwake kudafala ofewa aja olembedwa kuti studless, ndipo galimoto zina zimatsika nawo padoko la Dar es Salaam.

Tsono tayala lomwelo liikeni pa tala wotentha wa ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, minibasi itadzaza anthu ndi matumba. Mphira ija imanyeka msanga, galimoto imayenda mogwedera pokhota, ndipo mukaponda buleki imakaima patali kusiyana ndi ya tayala wamba. Mamita ochepa amenewo ndi moyo wa mwana wodutsa msewu.

Choncho musanatulutse ndalama, werengani m'mbali mwa tayala. Mukaona kaphiri kaja kapena mawu akuti studless, lisiyeni. Onaninso manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT: 2318 ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lokalamba limang'aluka ngakhale mano alipo.

Inunso ogulitsa, muuzeni wogula zoona. Mawa mudzakwera minibasi yomweyo ndinu.