Amayi a ku Hamburg Anasoka Nkhani ya Edzi pa Nsalu

Achinyamata anzanga, m'makalabu athu tinazolowera kufalitsa uthenga wa HIV ndi Edzi kudzera m'zisudzo, nyimbo, ndakatulo ndi mpira. Kodi munayamba mwaganizapo kuti singano ndi ulusi nazo zingathe kugwira ntchito yomweyi? M'kope lino tikutengerani ku South Africa, m'mudzi wa Hamburg, komwe mlendo wina waluso lojambula anakhala pansi ndi amayi a m'mudzimo nayamba nawo ntchito imene mbiri yake inafika maiko akutali. Nkhaniyi ili ndi phunziro kwa kalabu iliyonse imene imalandira alendo obwera ndi mapulojekiti.

Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa

Hamburg amene tikunena pano si mzinda waukulu uja wa ku Germany ayi. Uwu ndi mudzi waung'ono wa m'chigawo cha Eastern Cape, pamene mtsinje wa Keiskamma umathira m'nyanja yamchere. Dzinali linabwera ndi Majeremani amene anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1850. Anthu ambiri a m'mudziwu amalankhula Chixhosa. Ntchito zolembedwa n'zosowa, choncho abambo ndi achinyamata ambiri amapita kukasaka ndalama m'mizinda, monga momwe abale athu kuno amathamangira ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni.

M'chaka cha 2000, m'mudziwu munafika Mayi Carol Hofmeyr. Iwowa ndi dokotala, komanso anaphunzira luso la zojambulajambula. Pofika ku Hamburg, mtima wawo unali pa zaluso osati pa ntchito ya chipatala. Ataona umphawi umene unalipo, anayamba kusonkhana ndi amayi ochepa. Poyamba ankatola majumbo otayidwa n'kumalukira zinthu zogulitsa. Kenaka anayamba kupeta nsalu, ndipo amayi ena odziwa bwino ntchitoyi ankachokera ku England kudzawaphunzitsa kasokedwe kosiyanasiyana. Zimene ankapeta zinali za kwawo komweko, makamaka ng'ombe, zomwe kwa anthu a kumeneko ndi chuma komanso ulemu wa banja.

Pofika 2004, amayi oposa 100 anali atamaliza nsalu yaitali mamita 120 yofotokoza mbiri ya chigawo chawo, kuphatikizapo nkhondo za makolo awo ndi atsamunda. Nsaluyi inakapachikidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Cape Town. Tangoganizani, ntchito ya manja a amayi a kumudzi kukaonetsedwa m'nyumba imene mumapangidwa malamulo a dziko!

Maliro atachuluka

Pamene amayiwa ankasoka, mliri wa Edzi unali utafika poipa m'mudzimo. Ana awo amene anapita m'mizinda ankabwerako akudwala. Agogo ankatsala ndi adzukulu oti awalere. Anthu ankaopa kutchula dzina la matendawa, monga zinalili kwathu kuno pamene pamaliro tinkangoti malemuwa adwala nthawi yaitali, kapena n'kumaloza chala nkhalamba kuti yawalodza.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala a ma ARV anali atapezeka kale m'maiko olemera, koma boma la South Africa, pansi pa ulamuliro wa a Thabo Mbeki, linachedwa kuyamba kuwapereka m'zipatala zake. Linayamba mu 2004, chaka chomwecho chimene ifenso kuno ku Malawi tinayamba kulandira ma ARV aulere. Ngakhale zinali choncho, mankhwalawo sanafike msanga kumidzi yakutali ngati Hamburg.

Mayi Hofmeyr anaona kuti sikungatheke kumangophunzitsa kupeta nsalu pamene anthu opetawo ndi ana awo akutha. Anabwerera ku ntchito yawo ya udokotala. Bungwe la Keiskamma Trust, lomwe linabadwa kuchokera ku gulu la zaluso lija, linatsegula malo osamalirako odwala ndi kuperekerako ma ARV, ndipo anthu a m'mudzi momwemo anaphunzitsidwa kupereka uphungu ndi kuyendera odwala m'makomo.

Chithunzi cha zitseko zitatu

Mu 2005 amayi pafupifupi 130 anamaliza ntchito imene inawatengera miyezi 7. Ntchitoyi imatchedwa Keiskamma Altarpiece, kutanthauza chithunzi chachikulu choika paguwa m'tchalitchi. Kutalika kwake kupita m'mwamba ndi mamita 4, ndipo m'mbali mwake ndi pafupifupi mamita 7. Anagwiritsa ntchito nsalu, ulusi, mikanda, mawaya ndi zithunzi zojambula ndi kamera.

Nzeru yake anaitenga ku chithunzi china chakale chimene Matthias Grünewald anajambula pakati pa 1512 ndi 1516. Iye anajambulira chipatala cha amonke ku Isenheim, komwe ankasamalira anthu odwala matenda oopsa a pakhungu. Anajambula Yesu pamtanda thupi lake lili ndi zilonda zokhazokha, kuti wodwala akayang'ana aone kuti sali yekha m'masautso ake. Amayi a ku Hamburg anatenga maganizo amenewa n'kuikamo nkhope za kwawo.

Chithunzichi chimatsegulidwa ngati zitseko, ndipo chimaonetsa zinthu zitatu motsatizana. Chikakhala chotseka, pamtanda sipaoneka Yesu. Pamaoneka mayi wamasiye atavala zovala za maliro, atazunguliridwa ndi ana amasiye. M'munsi mwake muli mwambo wa maliro a mnyamata wa m'mudzimo amene anamwalira ndi Edzi.

Zitseko zoyamba zikatsegulidwa, maso amaona zina. Pali mitundu yowala, mtengo waukulu wa mkuyu, mbalame, nsomba, ng'ombe ndi anthu akupembedza. Ameneyu ndi Hamburg amene amayiwa ankamulakalaka, wopanda njala ndi matenda.

Zitseko zomaliza zikatsegulidwa, pamaoneka zithunzi zenizeni, zazikulu ngati msinkhu wa munthu, za agogo atatu a m'mudzimo ali ndi adzukulu awo. Pamalo pamene m'matchalitchi akale ankaikapo anthu oyera mtima, amayiwa anaikapo agogo olera ana amasiye. Tonse tikuwadziwa agogo otere m'midzi mwathu. Ndi kangati kamene timawapatsa ulemu wotere?

Chithunzichi chinaonetsedwa koyamba ku Grahamstown mu 2005. Mu 2006 chinapita ku Toronto m'dziko la Canada pa nthawi ya msonkhano waukulu wa Edzi wa dziko lonse, kenaka chinayendera mizinda ingapo ya ku America mpaka kukafika ku London. Pa msonkhano womwewo wa ku Toronto, malo oonetserapo zinthu a boma la South Africa anadzudzulidwa kwambiri chifukwa anaikapo adyo, mandimu ndi bitiruti ngati zothandiza pa Edzi. Anzanga, chakudya chabwino chimalimbitsa thupi, koma palibe chakudya, mankhwala azitsamba kapena madzi odalitsidwa amene angalowe m'malo mwa ma ARV.

Mu 2010 amayiwa anasokanso nsalu ina yotchedwa Keiskamma Guernica, potengera chithunzi chimene Pablo Picasso anajambula mu 1937 ndege zitaphulitsa tawuni ya Guernica ku Spain. Nsalu imeneyi ndi ya mitundu yakuda ndi yotuwa, ndipo mbali ina anasokera mabulangete amene ankafunda odwala. Inali njira yawo yodandaulira kuti anthu osauka akupitirirabe kufa chifukwa chosowa chithandizo chokwanira m'zipatala.

Chinsinsi chake chinali pati?

Choyamba, manja akakhala pa ntchito, pakamwa pamamasuka. Aliyense amene anakhalapo pamkeka ndi anthu akutong'ola chimanga akudziwa kuti nkhani zimene sizingatuluke pamsonkhano wa amfumu zimatuluka pamenepo. Munthu sakuyang'anani m'maso, maso ake ali pa ntchito, ndiye manyazi amachepa. Kukhala pamodzi miyezi 7 mukusoka maliro a mwana wa mnzanu, simungalephere kukambirana chimene chinamutenga.

Chachiwiri, mlendo uja sanabwere ndi uthenga wolembalemba kuti anthu angoupenta pakhoma. Anabwera ndi luso ndi zipangizo, koma nkhani ndi nkhope zinali za eni mudzi.

Chachitatu, ntchitoyi inkabweretsa ndalama m'makomo. Mayi amene ali ndi kangachepe m'thumba amatha kulipira ulendo wa kuchipatala ndi kugulira mwana yunifolomu.

Chachinayi, ndipo ichi ndiye chachikulu, luso linayendera limodzi ndi chithandizo. Kulimbikitsa munthu kuti akayezetse magazi pamene sakudziwa kopita akapezeka ndi kachirombo n'kumusiya panjira. Ku Hamburg munthu akalimba mtima, aphungu ndi mankhwala zinali pafupi.

Mlendo ndi mame

Mayi Hofmeyr anakhazikika m'mudzimo zaka zambiri. Alendo ambiri amene amabwera m'makalabu athu, kaya ojambula, a zisudzo kapena a makamera, amakhala sabata ziwiri kapena mwezi umodzi basi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iye akapita, amene mumatsala ndi nkhani zimene zaululika ndinu. Choncho mulandireni ndi manja awiri, koma ntchito isanayambe khalani naye pansi pamodzi ndi amfumu, makolo ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, mumufunse mafunso awa:

1. Kodi zimene tipange zidzakhala za yani, ndipo zidzasungidwa kuti?
2. Kodi zithunzi zathu zidzaonetsedwa kuti? Zidzaikidwa pa intaneti kapena pa Facebook?
3. Zikagulitsidwa, ndalama zidzagawidwa bwanji?
4. Munthu akasintha maganizo, angathe kuchotsa dzina kapena chithunzi chake?
5. Ndani mwa ife amene aphunzitsidwe mokwanira kuti ntchito ipitirire mlendo akapita?

Musachite manyazi kufunsa. Mlendo wa zolinga zabwino amakondwera ndi mafunso otere.

Kumbukiraninso kuti palibe amene ayenera kukakamizidwa kuulula ngati ali ndi kachirombo kapena ayi, ngakhale pulojekitiyo ikhale yabwino motani. Lamulo la dziko lino la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo, komanso limateteza chinsinsi chake. Chithunzi chikangolowa mu foni ya munthu mmodzi, simungachibweze. Mwana wosakwana zaka 18 asajambulidwe popanda chilolezo cha makolo kapena omulera, ndiponso mwanayo payekha avomere. Nkhani ya malemu isasokedwe kapena kujambulidwa abale ake asanalole.

Yambani ndi zimene muli nazo

Simufunika kudikira mlendo wochokera kunja. Telala wa pamsika ali ndi zidutswa za nsalu zimene amataya. Agogo ena m'mudzi mwanu amadziwa kupeta, kuluka mikeka kapena kuumba mbiya. Amenewonso ndi akatswiri, aitaneni adzakuphunzitseni.

Pezani thumba la ufa loyera kapena chinsalu chakale, mulidule m'zidutswa zofanana. Membala aliyense atenge chidutswa chimodzi. Mutha kutsata njira ya zitseko zitatu ija. Sabata yoyamba aliyense asoke kapena kujambula chimene Edzi inalanda mudzi wanu. Sabata yachiwiri, mudzi umene mukuulakalaka. Sabata yachitatu, munthu amene amasamalira ena mosayang'ana malipiro. Gwiritsani ntchito zizindikiro monga mtengo, khasu, nyali kapena mbalame m'malo mwa maina ndi nkhope. Anyamata, musati singano ndi ya atsikana. Matelala ambiri m'misika yathu ndi abambo.

Gwirizanani kuti zokambidwa pamkeka zithere pomwepo. Ntchito yotere imadzutsa chisoni, choncho pakhale mphungu kapena munthu wamkulu wodalirika woti acheze ndi amene zamukhudza kwambiri. Mukamaliza, lumikizani zidutswa zonse kukhala nsalu imodzi, mudzaionetse pa 1 Disembala, tsiku lokumbukira Edzi pa dziko lonse. Pemphani achipatala kuti tsiku limenelo adzabwere ndi zipangizo zoyezera magazi.

Uthenga wa lero

Nsalu yanu inene zoona za masiku ano, chifukwa zinthu zinasintha kuchokera mu 2005. Kuyambira 2016, aliyense wopezeka ndi kachirombo kuno ku Malawi amayamba ma ARV nthawi yomweyo, osadikira kuti adwale. Munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka tizirombo kuchepa kwambiri moti sitikuonekanso poyeza, sapatsira mnzake kachirombo pogonana. Mayi woyembekezera amene akumwa mankhwala mwandondomeko amateteza mwana wake. Pali mankhwala a PrEP oteteza amene alibe kachirombo koma ali pachiopsezo, ndi a PEP amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 munthu akagwiriridwa kapena kondomu ikang'ambika. Kudziletsa ndi kugwiritsa ntchito kondomu moyenera zikadali njira zodalirika, ndipo kondomu imatetezanso ku mimba zosayembekezera ndi matenda ena opatsirana pogonana.

Mankhwala alipo, koma kusalana kukadali pakati pathu. Alipo anzathu amene anabadwa ndi kachirombo, omwe amabisa botolo la mankhwala kapena kudumphitsa kumwa poopa kusekedwa kusukulu. Mwina wina wa iwo amakhala nanu pa benchi imodzi ku kalabu. Mmene mumalankhulira za Edzi ndi mmene iye amadziwira ngati ali pakati pa abale kapena ayi.

Zokambirana ku kalabu

1. Ndi nkhani ziti zokhudza HIV zimene anthu a m'dera lanu amaopabe kuzikamba poyera?
2. Mukanati muike munthu mmodzi wa m'mudzi mwanu kuseri kwa chitseko chomaliza, mukanasankha munthu wotani? Chifukwa chiyani?
3. Kalabu yanu ili ndi malamulo otani osungira chinsinsi cha mamembala?

Kambiranani mafunsowa pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo mukasoka nsalu yanu tilembereni kuti makalabu ena aphunzireko. Mutu umodzi susenza denga.