Mlulu wa kugombe la Chilwa

Mukatsika ku Kachulu, udzu woyamba kukukopani maso ndi njedza, yomwe yakuta dambo lalikulu la Nyanja ya Chilwa. Koma ine mtima wanga uli pa mlulu, womwe ambiri amausokoneza ndi njedzayo.

Ugwireni m'manja. Njedza ili ndi masamba aatali ophwatalala. Mlulu ulibe masamba ooneka: ndi kamtengo kobiriwira, kozungulira, kosalala, ndipo mukakafinya kamaphwafuka chifukwa m'kati mwake ndi mofewa. Kunsonga kumabala timaluwa tofiirira tosonkhana pamodzi. Dawe wa m'madimba ndi m'bale wake, koma iye tsinde lake lili ndi ngodya zitatu.

Mlulu umamera m'matope ndi m'madzi osaya, m'mbali mwa dambo ndi kumathiriro a mitsinje ngati Likangala ndi Domasi. Mphamvu yake ili pansi, m'mizu yoyanga m'matope. N'chifukwa chake nyanja ikaphwa, monga zidachitikira mu 1995 ndi 2018, umaphukanso madzi akabwerera.

Mluluwu amayi amalukira mikeka, ndipo nsomba zazing'ono zimabisalamo. Pomweta, dulani pamwamba. Mizuyo musaizule, ndipo dambo musaliotche.