MITUNDU INAI YA MALILIME

Usiku wina wa teremu yatha ndinapeza mnyamata wa Fomu 1 alikulira kuseri kwa nyumba yathu yogonamo. Nditamfunsa cimene cinambvuta, anandiuza kuti pa mapemphero a madzulo anzake onse analankhula malilime, koma iye yekha analephera, ndipo wina anamuuza kuti alibe Mzimu Woyera. M'mawa mwake nkhaniyi inafika m'kalasi, ndipo kunabuka mkangano waukuru. Ena anati malilime ndiwo cizindikiro ca Mkristu weniweni, ena anaseka nati ndi phokoso cabe. Ine ndinasowa coyankha. Koma akuru anati safunsa anadya phula, cotero pa holide ndinawerenga Baibulo ndi mabuku ena, ndipo ndinafunsa akuru a mipingo kuno ku Nkhata Bay. Ndinapeza kuti tinali kukangana cifukwa ndi mau amodzi akuti malilime tinali kuchula zinthu zinai zosiyana.

Mtundu woyamba ndiwo kulankhula cinenero ceniceni ca anthu cimene wolankhulayo sanaciphunzire. Tiwerenga za ici m'Macitidwe a Atumwi mutu 2. Pa tsiku la Pentekoste mu Yerusalemu munali alendo ocokera ku Aigupto, ku Roma, ku Arabiya ndi maiko ena ambiri, ndipo yense anamva ophunzira a Yesu alikulankhula cinenero ca kwao. Taganizani tsiku limene sitima ya Ilala ikoceza pa doko lathu, pomwe pamamveka Citonga, Citumbuka, Cicewa, Ciswahili ndi Cizungu. Tsono msodzi wosaphunzira aimirire nalankhule, ndipo mlendo yense amve m'cinenero ca amai ake! Pamenepo sipafunika womasulira. Tsiku lija anthu ngati 3,000 anabatizidwa.

Anthu oyamba a mipingo ya Pentekoste anayesa kuti alandira mtundu umenewu. Mu Januwale 1901, pa sukulu ya Baibulo ya Charles Parham ku Topeka m'dziko la America, wophunzira wina dzina lake Agnes Ozman analankhula malilime, ndipo Parham anaphunzitsa kuti amishoni sadzabvutikanso kuphunzira zinenero. Mu 1906 citsitsimutso cinabuka pa Azusa Street ku Los Angeles, cotsogozedwa ndi William Seymour. Kucokera kumeneko Alfred Garr anapita ku Calcutta ku India, ali ndi cikhulupiriro cakuti alankhula cinenero ca Bengali. Atafika, eni ake a cineneroco sanamumve konse. Kwathu kuno amishoni amene anakhazikika pa Bandawe mu 1881 anacita kuphunzira Citonga pang'onopang'ono kwa makolo athu, kufikira Bambo MacAlpine anamasulira Cipangano Catsopano.

Mtundu waciwiri ndiwo lilime la pemphero, ndipo ndilo timamva kawirikawiri masiku ano. Paulo alongosola za ilo mu 1 Akorinto mutu 14. Iye ati munthu wotere alankhula ndi Mulungu, osati ndi anthu, palibe womumva, ndipo wopindula ndi mwini wake. Paulo yemweyo abvomera kuti anali kupemphera motero koposa Akorinto onse. Katswiri wa zinenero William Samarin anamvetsera opemphera ambiri, ndipo m'buku lake la 1972 anaonetsa kuti iwo amagwiritsa nchito maliu a cinenero cao comwe, koma mulibe mau okhala ndi tanthauzo lokhazikika monga m'cinenero ca anthu. Opempherawo amayankha kuti ili ndi pemphero la mumtima, lopita kwa Mulungu amene safuna womasulira.

Mtundu wacitatu ndiwo uthenga wa kwa mpingo. Munthu mmodzi aimirira nalankhula m'lilime, ena onse ali cete, ndipo wina amasulira kuti onse amve. Pa mtundu uwu Paulo anaika malamulo olimba: olankhula akhale awiri, akacuruka atatu, alankhule mmodzimmodzi, pakhale womasulira, ngati palibe, wolankhulayo akhale cete mumsonkhano nalankhule ndi Mulungu payekha. Cifukwa cake ncomveka. Mlendo akalowa napeza onse alikufuula zosamveka, adzayesa kuti apenga. Paulo anati mau asanu omveka apindulitsa mpingo koposa mau 10,000 a m'lilime.

Mtundu wacinai ndiwo kuimba m'malilime. Mpingo wonse uimba pamodzi mwakacetecete, yense mau ake, popanda buku la nyimbo. Paulo achula kuimba ndi mzimu pamodzi ndi kuimba ndi nzeru. Kuimba kotere kumapezeka m'mipingo ya Pentekoste, ndiponso pakati pa Akatolika a gulu la Karismatiki, limene linayamba mu 1967 pakati pa ophunzira ndi aphunzitsi a Duquesne University ku Pittsburgh.

Nanga zimenezi zinafika bwanji kuno? Mu 1908 John G. Lake ndi anzake anafika ku Johannesburg ndi uthenga wa Pentekoste, ndipo kunayambika mpingo wa Apostolic Faith Mission. Amuna ambiri a dziko lino amene anapita kukagwira nchito ku Joni ndi ku Halale anakomana ndi mipingo yotere, ndipo ena pobwerera kwao anadza ndi mapempheredwe atsopanowa pamodzi ndi masutikesi ao.

Kufikira lero mipingo siimvana pa nkhaniyi. A Assemblies of God aphunzitsa kuti malilime ndiwo cizindikiro coyamba ca ubatizo wa Mzimu Woyera, koma iwo omwe anena kuti munthu apulumuka ndi cikhulupiriro, angakhale asanalankhule lilime. Akristu ena ati iyi ndi mphatso imodzi mwa zambiri, yosapatsidwa kwa onse. Enanso akhulupirira kuti inatha pamodzi ndi nthawi ya atumwi. Ine sindine m'busa kuti ndiweruze mlandu umene wacedwetsa akuru. Koma ndinaona zinthu ziwiri m'kalata ya Paulo. M'mutu 12 ayerekeza mpingo ndi thupi la ziwalo zambiri, nafunsa ngati onse alankhula malilime, ndipo yankho loyembekezeka ndi iai. Potsiriza mutu 14 aletsa kuletsa malilime, koma alamula kuti zonse zicitike mwadongosolo. Pakati pa mitu iwiriyi pali mutu 13, wonena za cikondi.

Sukulu itatsegulidwa ndinamfuna mnyamata uja, ndipo tinawerenga mitu itatuyi pamodzi pansi pa mtengo wa mango. Tsopano wabwereranso ku mapemphero, ndipo ndiye amayambitsa nyimbo ndi mau ake okoma. Cotero ndikupemphani, anzanga: inu olankhula malilime, musanyoze wosalankhula, inu osalankhula, musaseke wolankhula. Ndipo mkangano ukabukanso m'nyumba yogonamo, tiyambe tafunsana kuti, "Kodi ukunena malilime a mtundu uti?"

Wophunzira wa Fomu 4